Ndodo Imabwera Pambuyo

Amalume anga sanawerengepo buku la gofu ngakhale limodzi. Sukulu analekeza ali Sitandade 3, ndipo Chingerezi chimene amadziwa ndi cha pabwalo basi: manambala a ndodo, mayina a zigawo za bwalo, ndi mawu amene bwana ankalavula mpira ukagwera m'tchire. Komabe masana ena mu Ogasiti, titakhala pakhonde la nyumba yawo ku Rimuka, mumzinda wa Kadoma, anatenga mpini wa khasu n'kundimasulira m'mphindi zisanu chinthu chimene ine ndinalimbana nacho milungu itatu.

Ntchito yanga ndi yomasulira mabuku. Nthawi imeneyo ndinali ndi kabuku kophunzitsa ana masewera osiyanasiyana koti ndikaike m'Chichewa. Za mpira wamiyendo, wamanja ndi za liwiro ndinadutsa bwinobwino, koma pa gofu ndinakakamira. Mawu ndinkawapeza: chiuno, mapewa, msana, mawondo, chidendene. Vuto linali lakuti ndikawalumikiza, chiganizo chinkatuluka chouma, chosamveka ngati chinthu choti munthu angachite ndi thupi lake. Nditapita kukawaona amalume, ndinawawerengera ndime imodzi mongocheza.

Anamvetsera atazyolika, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana amene awerenge zimenezo amenya mpira ndi manja, mphwanga," anatero. "Ndipo sufika patali. Tandipatsa mpiniwo."

Anadzuka movutikira, dzanja lina lili pamsana. Koma atangoima pabwalo n'kutang'adza miyendo molingana ndi mapewa, ukalamba unawachoka. Anapotoza thupi kumanja mpaka msana unaloza kumene mpira ukanapita. Mpini usanamalize n'komwe kukwera, phazi lamanzere linali litaponda kale nthaka ndipo chiuno chinali chitayamba kubwerera. Mpiniwo unatsika mochedwa, kenaka unalira mumphepo kuti fyuu, n'kukathera kuseri kwa khosi.

"Waona? Ng'ombe zimatsogola, ngolo imatsatira. Ndodo imabwera pambuyo."

Anakhala pansi msanga, nkhope itakwinyika ndi ululu. Ine ndinatsala ndi funso limene landiyendetsa m'mabuku ndi m'misewu ya matauni awiri: kodi mwana wa mtchona, wobadwira m'komboni ya pamgodi, anazitenga kuti zinthu zimene akatswiri amaziyeza ndi makamera ndi makompyuta lero?

* * *

Kadoma ndi Chegutu ndi matauni oyandikana pamsewu ndi njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Pakati pawo pali mtunda wosakwana makilomita 40. Mpaka 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Dzina lachiwirili linali la Henry Hartley, mlenje wa njovu amene m'ma 1860 anayenda m'derali ndi Karl Mauch wa ku Germany, n'kumaona maenje akale momwe eni dziko ankakumbamo golide. Mbiri ya golideyo ndi imene inakopa gulu la Cecil Rhodes mu 1890. Njanji itatha mu 1902, migodi inachuluka: Cam and Motor ku Eiffel Flats, umene kwa zaka zambiri unkatulutsa golide wochuluka kuposa mgodi wina uliwonse m'dzikomo, Dalny ku Chakari, Golden Valley, Giant ku Gadzema, ndi timigodi tina tosawerengeka. Pambuyo pake kunabwera thonje. Malo ofufuzira za thonje anatsegulidwa ku Gatooma mu 1925, ndipo m'ma 1950 fakitale ya nsalu ya David Whitehead, dzina limene anthu a ku Blantyre amalidziwa bwino, inayamba ntchito ku Hartley.

Mgodi umadya anthu. Ashona ambiri a m'derali anali ndi minda yawo, ndipo ankaona kuti kugulitsa chimanga kumigodi n'kwabwino kusiyana ndi kutsika pansi pa malipiro ochepa. Eni migodi anayang'ana kumpoto. Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito, Rhodesian Native Labour Bureau, limene antchito analitcha chibaro, mawu omwe ife timati chibalo. Wolemba mbiri Charles van Onselen anatenga dzina lomwelo n'kulipatsa buku lake la mu 1976, lofotokoza moyo wa m'makomboni kuyambira 1900 mpaka 1933: chakudya chosakwanira, chibayo, chifuwa cha fumbi la miyala, chikoti. Ambiri mwa anthuwa anali a ku Nyasaland, amene msonkho unawathamangitsa kwawo. M'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayamba kuwanyamula pa malole osalipiritsa, moti ulendowo unangotchedwa Ulere. Mu 1946 kunabwera bungwe lina lolemba anthu, limene kwathu linkadziwika kuti Mthandizi.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ndi Mthandizi ameneyu. Atamaliza kontirakiti pa famu ina, analowa mgodi wina wa kufupi ndi Gatooma, n'kuitanitsa agogo aakazi. Anabereka ana asanu ndi mmodzi: amalume ndi achisamba, a mu 1952, mayi anga ndi chitsiriza. Ku Dedza sanabwererenso. Anatchona, ndipo manda awo ali kuseri kwa chulu choyera cha mchenga wa mgodi.

* * *

Kulikonse kumene Mngelezi ankakhoma zikhomo za tenti, posakhalitsa ankalambulanso bwalo la masewera. Kalabu ya gofu ya ku Bulawayo inayamba mu 1895, ndipo ya ku Salisbury inayamba mu 1898, chaka chomwe Mbuya Nehanda ndi Sekuru Kaguvi ananyongedwa mumzinda womwewo. Matauni aang'ono ndi migodi ikuluikulu anatengera. Mabwalo ambiri a kutali ndi mizinda anali a maenje 9, ndipo poti madzi anali ovuta, pozungulira dzenje sankadzalapo kapinga. Ankathirapo mchenga wosakaniza ndi oyilo. Munthu wakuda ankalowa m'kalabu ndi chikwakwa, ndi thileyi ya mowa, kapena ndi thumba la ndodo paphewa. Wa thumbayu ndiye ankatchedwa kedi.

Amalume anayamba ukedi mu 1963, ali ndi zaka 11, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha. Loweruka ndi Lamlungu anyamata a m'komboni ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa kalabu, kudikira kuti wina awakodole. Malamulo a gofu amalola ndodo 14 m'thumba, ndipo thumba la masiku amenewo linali ndi lamba mmodzi. Mwana ankalinyamula atapendekeka ngati nkhokwe yofuna kugwa, kuyenda nalo maola anayi, n'kulandira ndalama yogulira buledi ndi shuga pang'ono. Bwana ankamulankhula m'Chilapalapa, chilankhulo chotumira.

Chimene chinawasandutsa ophunzira za thupi la munthu si chidwi ayi, koma mantha. Mpira ukasowa m'tchire, wolakwa anali kedi, ndipo ankamudula malipiro. Mpira wa gofu ndi waung'ono: kukula kwake sikufika masentimita 4.5, kulemera kwake sikupitirira magalamu 46. Ukauluka moyang'anizana ndi dzuwa lamadzulo suoneka.

"Ukadikira kuuona uli m'mwamba, wachedwa," amalume anandiuza. "Ife tinkayang'ana munthuyo. Akayamba kutsika ndi mapewa, dziwa kuti mpira ukhotera kumanja, yambapo kuyenda. Akatsalira pa mwendo wam'mbuyo, aumenya pamutu, ukwawa ngati buluzi. Akafinya ndodo mpaka mitsempha kuoneka, basi, lero tiswera m'tchire."

Mwana amene waona anthu akumenya mpira maulendo masauzande, chakudya chake chitadalira kulosera kumene ugwere, amadziwa zimene mwini thupiyo sadziwa, pakuti munthu sadziona kumsana.

Madzulo, kuseri kwa komboni, anyamatawa ankasewera gofu wawo. Ankakwirira zitini za jamu kukhala maenje. Mipira inali yovuula m'damu. Ndodo ankapinda waya wokhuthala wa mpanda, kapena ankasema nthambi ya gwafa yokhota kumapeto. Ndodo yawaya ndi mphunzitsi wankhanza: ukaithamangitsa ndi manja imapindika, mutu wake n'kutsalira, iwe n'kumenya mphepo. Kuti imve uyenera kuyamba ndi miyendo, n'kuudikira mutuwo mpaka uumve kulemera kwake. Gofu wa azungu anadutsanso njira yofananayo. Mpaka m'ma 1920 mipini ya ndodo inali ya mtengo wa hickory, umene umapindika ndi kupotoka, moti wosewera ankayenera kumenya modekha. Bungwe la malamulo la ku St Andrews litaloleza mipini yachitsulo mu 1929, osewera ngati Byron Nelson anayamba kukankha ndi miyendo mwamphamvu popanda kuopa kuti ndodo iwapotokera. Nelson ameneyu anayamba ngati kedi.

* * *

Nditawafunsa amene anawaphunzitsa kutsogoza chiuno, amalume anayankha mosazengereza kuti, "Abambo." Ndinadabwa, pakuti agogo sanagwirepo ndodo ya gofu moyo wawo wonse. Ntchito yawo inali yoswa ndi hamala miyala ikuluikulu imene yakanika kudutsa pa zitsulo zosefera. Iwo ankati mlendo pantchitoyi amadziwika ndi thukuta: amakweza hamala ndi mikono, kuitsitsa ndi mikono, ndipo ikamakwana teni koloko watheratu. Wozolowera amapinda mawondo, amakweza ndi ntchafu, manja amangowongolera, ndipo hamala ikamatsika amaisiya igwe ndi kulemera kwake, iye n'kungowonjezera pamapeto. Agogo aakazi ankasinja chimodzimodzi: munsi sukwezedwa ndi manja okha, mawondo ndiwo amauponya m'mwamba. Wodula mtengo naye amaponda kaye, chiuno n'kutsatira, nkhwangwa pomaliza.

Panalinso gule. Lamlungu masana m'makomboni a migodi munkalira mbalule, ndipo mpaka lero Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, akuvinidwabe m'madera amenewa. Ine sindinagule njira, choncho za kudambwe sindinganene. Koma chimene woonerera aliyense amaona pabwalo n'chakuti mapazi amapalasa fumbi, chiuno chimatembenukira kwina, mapewa kwina, ndipo zonsezi zimamvera ng'oma imodzi. Mwana wokulira pamenepo amadziwa msanga kuti chiuno ndi chifuwa si thabwa limodzi.

Apa ndiyenera kuponda mosamala. Atsamunda ankakonda kunena kuti munthu wakuda amabadwa ndi thupi lodziwa kuvina ndi kunyamula, ndipo mawu omveka ngati otamawa ndi omwe ankamumanira sukulu. Zimene ndikufotokozazi si za m'magazi. Ndi nzeru yophunziridwa ndi matuza m'manja, yopatsirana pakati pa kholo ndi mwana, monga momwe ena amapatsirana mabuku.

* * *

Nanga mabukuwo amati chiyani? Mu 1957 Ben Hogan, amene anayamba ukedi ku Texas pa msinkhu womwe amalume anayambira, anatulutsa buku lake lotchuka, Five Lessons, momwe anaumirira kuti potsitsa ndodo chiuno ndicho chiyenera kuyamba. Mu 1968 Alastair Cochran ndi John Stobbs anasindikiza The Search for the Perfect Swing, zotsatira za kafukufuku wa akatswiri a sayansi a ku Britain amene anajambula osewera ndi makamera othamanga. Iwo anafanizira kamenyedweka ndi akatungwe awiri olumikizana: wam'mwamba ndi mikono, yolendewera pakati pa mapewa, wam'munsi ndi ndodo, yolendewera pa mfundo za manja. Katungwe wam'munsi akachedwa kutambasuka, amadzatambasuka ndi liwiro lalikulu. Mu 1992 mphunzitsi wa ku America, Jim McLean, anatchukitsa mfundo yakuti omenya patali ndi amene mapewa awo amapotoka kwambiri kuposa chiuno. Aphunzitsi amakonda kunena kuti mapewa azungulire madigiri pafupifupi 90, chiuno pafupifupi 45. Kusiyana kumeneku kumakoka minofu ya pamimba ndi ya m'nthiti ngati mphira wa legeni.

Masiku ano ofufuza amamata tizipangizo pathupi la wosewera, n'kumuimika pa zitsulo zoyeza mmene mapazi akukankhira pansi. Zimene amapeza mwa osewera aluso ndi ndondomeko imodzi. Mphamvu imayambira panthaka: phazi likakankha pansi, pansi pamabwezera. Chiuno ndicho chimayamba kufika pa liwiro lake lalikulu, kenaka chimachepetsa n'kupatsira chifuwa. Chifuwa chimapatsira mkono. Mkono umapatsira ndodo. Chiwalo chilichonse chimathamanga kuposa chimene chachitsogolera, monga mmene chikoti chimalirira kunsonga pamene chogwirira chake chayenda pang'ono chabe. Kutsika konseko kumatenga pafupifupi kota ya sekondi. Mwa akatswiri a mipikisano ikuluikulu, mutu wa ndodo yaitali umafika pa mpira ukuthamanga makilomita pafupifupi 180 pa ola, ndipo umakhudzana nawo kwa theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Nthawi imeneyi ndi yochepa kwambiri moti uthenga wochokera m'manja umafika kuubongo mpira utapita kale. Palibe chimene munthu angakonze pomenya penipenipo. Mlandu umakhala utagamulidwa kale ndi miyendo ndi chiuno.

Nditawafotokozera zimenezi, amalume anangoti, "Ndiye anagula makina kuti aone ngolo ikutsatira ng'ombe?" Sindigwirizana nawo kwathunthu, pakuti kuyeza kwathandiza kudziwa chimene chimavulaza thupi. Koma sindinapeze m'mabukumo chinthu chotsutsana ndi mpini wa khasu uja.

* * *

Dziko lomweli linatulutsa munthu amene anafalitsa mfundo imeneyi kulikonse kumene gofu amaseweredwa. David Leadbetter anabadwira ku England mu 1952, chaka chomwe amalume anabadwa, n'kukulira ku Rhodesia. Atakhala mphunzitsi, chiphunzitso chake chinali chakuti minofu ikuluikulu ya thunthu ndiyo izilamulira manja. Kuyambira 1985 anaphwasula kamenyedwe ka Nick Faldo n'kukamanganso, ndipo Faldo anapambana mipikisano ikuluikulu isanu ndi umodzi. Nick Price, amene anakulira ku Salisbury ndipo anaphunzitsidwanso ndi Leadbetter, anapambana PGA Championship mu 1992 ndi 1994, komanso Open Championship ku Turnberry mu 1994, n'kukhala nambala wani padziko lonse. Mark McNulty wobadwira ku Bindura ndi Tony Johnstone wa ku Bulawayo ndi a m'badwo womwewo. Sindikunyoza thukuta lawo. Ndikungoona kuti pa mabwalo a dziko limodzi panali ana a mitundu iwiri oonerera chinthu chimodzi. Ena anapatsidwa ndodo, ena thumba.

Zimene zikanatheka timaziona mwa ochepa amene anaboola mpanda. Ku Durban kunali Papwa Sewgolum, kedi wachimwenye amene sanapite kusukulu. Ankagwira ndodo mopingasa, dzanja lamanzere kumunsi kwa lamanja, kagwiridwe kamene aphunzitsi amaletsa. Anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndi Natal Open mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwu atagonjetsa Gary Player. Chithunzi chake akulandirira mphoto panja mvula ikumugwera, chifukwa lamulo la tsankho silinkamulola kulowa m'kalabu, chinafika m'manyuzipepala a maiko ambiri. Amalume nawo amagwira mopingasa. Akuti palibe anawauza kuti n'kolakwa mpaka dzanja litazolowera. Kagwiridwe kangasiyane, koma ndondomeko ya phazi, chiuno, chifuwa ndi mkono siisintha.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, zipata zinatseguka pang'onopang'ono. Lewis Chitengwa, wobadwa mu 1975, amene bambo ake ankaphunzitsa gofu ku Wingate Park ku Harare, anapambana mpikisano wa achinyamata wa Orange Bowl ku Florida mu 1992, Tiger Woods ali m'gulu la ogonja. Mu 1993 anakhala munthu wakuda woyamba kupambana South African Amateur. Anamwalira mu 2001 ku Edmonton, m'dziko la Canada, ndi matenda oumitsa khosi, ali ndi zaka 26. Amalume amasunga chithunzi chake chodula m'nyuzipepala pakati pa Baibulo. Iwo mu 1980 anali ndi zaka 28, mkazi ndi ana atatu. Ndalama yogulira ndodo ikanachokera m'mbale ya anawo.

* * *

Mafupa a kumunsi kwa msana, a pachiuno, amapinda bwino kutsogolo ndi kumbuyo, koma amapotoka pang'ono chabe. Kupotoka kwenikweni kuyenera kuchitikira m'mfundo za ntchafu ndi kumtunda kwa msana, kumene kuli nthiti. Malo awiriwa akauma, msana wakumunsi ndiwo umalipira ngongoleyo. N'chifukwa chake kupweteka kwa msana ndilo dandaulo lofala kwambiri pakati pa osewera gofu. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika: Tiger Woods, amene kamenyedwe kake kamphamvu kanasintha masewerawa, anachitidwa maopaleshoni angapo a msana, mpaka mu 2017 madokotala analumikiza mafupa ake awiri akumunsi kukhala limodzi. Mu 2019 anapambananso Masters.

Msana wa kedi ulibe dokotala wotero. Amalume ananyamula thumba paphewa lamanja zaka zoposa 30, kuyambira mafupa asanakhwime. Lero phewa limenelo ndi lotsika kuposa linzake, ndipo ululu umatsika mwendo wonse mpaka kuchala chachikulu. Ukedi wawo sunali ntchito yolembedwa: panalibe kontirakiti, panalibe penshoni. Ngakhale anzawo amene anali ndi penshoni ya kumgodi anaiona ikusungunuka mu 2008, ndalama ya Zimbabwe itatha mphamvu. Zisanachitike zimenezo, mu 2001, lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ana a matchona analamulidwa kukana unzika wa maiko a makolo awo, umene ambiri anali asanaupemphepo. Amene sanathe kutero m'nthawi yake anasanduka alendo m'dziko lobadwira. Ndi nthawi imeneyo pamene mayi anga anatitenga ife ana kuchoka ku Pfupajena, ku Chegutu, kupita ku Dedza, kumudzi kumene iwo eni anali asanapondeko. Amalume anatsala, ati manda a makolo asakhale opanda wosesa. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, koma zaka 12 zotchedwa mlendo palibe wozibweza.

Olemba mbiri ayamba kutola nkhani za anthu athu. Anusa Daimon analemba za anthu amene Ashona amawatcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ndipo buku la Zoë Groves la mu 2020 likulondola mapazi a matchona kuyambira 1900 mpaka 1965. Wa kumgodi anasiya nambala m'kaundula, wa pafamu anasiya chala pa kontirakiti. Kedi sanasiye kanthu. M'makalabu akale muli matabwa opakidwa vanishi, olembedwa ndi utoto wagolide mayina a opambana chaka ndi chaka. Thabwa la onyamula matumba kulibe. Wofuna mbiri yawo ayenera kuifunsa pakhonde, eni ake akadali moyo, ndipo atsala ochepa.

* * *

M'mawa mwake tinakwera kombi kupita ku Chegutu kukaona amayi aakulu. M'njira amalume ankandilozera zulu za migodi yakale, ndi anyamata okumba golide paokha, amene kumeneko amawatcha makorokoza. Ena mwa iwo ndi zidzukulu za matchona, abwerera m'maenje omwe agogo awo anatulukamo. Kombi itaima kutsitsa munthu, tinaona mmodzi akuswa mwala m'mphepete mwa msewu. Amalume anamuyang'ana akumenya kawiri, n'kupukusa mutu.

"Uyo akumenya ndi manja. Pofika zaka 40 adzakhala alibe msana."

Ku Pfupajena, mdzukulu wa amayi aakulu, mtsikana wa zaka 9, anamva zimene tinkakamba n'kubwera ndi mpini wa tsache ndi mandimu aawisi. Amalume sanadzuke. Anangokhala pampando, chala chili m'mwamba.

"Tang'adza. Usafinye, gwira ngati wagwira nthochi yakupsa. Tembenuka, undionetse msana. Ponda kaye. Dikira, iwe, dikira!"

Maulendo asanu mwanayo anamenya fumbi. Ulendo wotsatira ndimu inadutsa pamwamba pa mpanda n'kukagwa pa malata a oyandikana nawo kuti pho. Mwana anayang'ana manja ake modabwa.

"Agogo, sindinamenye mwamphamvutu."

"Ndi choncho," anatero amalume. "Ukamenya bwino sumva kanthu."

Nditabwerera ku Lilongwe ndinafafaniza ndime ija n'kuilembanso. Ndinachotsa madigiri pachiyambi n'kuwaika kumapeto, kwa aphunzitsi. Kwa ana ndinalemba za phazi loponda, za chiuno chotsogola, za nthochi yakupsa, za ng'ombe ndi ngolo, ndipo ndinawonjezera chenjezo lakuti thumba lolemera lizinyamulidwa ndi malamba awiri. Mkonzi anandiimbira foni kufunsa kumene ndinazitenga, popeza m'Chingerezimo mulibe ng'ombe. Ndinamufotokozera, ndipo ndinapempha chinthu chimodzi: kuti pa tsamba lothokoza aikepo dzina la amalume. Anavomera.

Nditawaimbira kuwafunsa kuti pambuyo pa dzina lawo tilembepo chiyani, mphunzitsi kapena mlangizi, anakhala chete kanthawi, ndikumva wailesi ikulira kumbuyo kwawo.

"Lemba kuti kedi, wa ku Gatooma," anatero. "Ndipo ukabwera ubweretse bukulo, mwana uja adzandiwerengere."